Kodi wamanzere walakwa chiyani?



Phunziro la lero ndiliyamba ndi nkhani ya kunyumba kwathu, mundikhululukire. Pa holide yapitayi nditafika kumudzi ndinapeza mwana wa achemwali anga, kamtsikana ka zaka 6, katakhala pakhonde dzanja limodzi litamangidwa kumbuyo ndi kansalu kachitenje. Kankalemba pansi ndi kamtengo, zilembo zake zili pendapenda, misozi ili m'masomu. Ndinafunsa ngati kavulala. Anganga anati ayi, tikukawongola, mu September kakuyamba sitandade 1 ndiye kasakatichititse manyazi. Kenako anawonjezera: "Mwana wa Chisilamu angamalembe ndi dzanja la kuchimbudzi? Manzere ndi a Shetani amenewo."

Ndinangokhala chete. Ine ndine wamanzere, ndipo anganga akudziwa bwino, chifukwa ndi iwo omwe anandimangapo ine ndili wamng'ono. Kupulayimale nako ndinalawa rula pa zala kangapo konse. Sizinatheke. Mpaka lero mayeso a kuyunivesite ndimalemba ndi manzere, koma nsima ndimadya ndi manja. Nkhani yonse ya lero yagona pa kusiyana kwa zinthu ziwirizi.

Tiyambe ndi zomwe zili zoona m'mawu a anganga, chifukwa sanalankhule zopanda mutu ayi. Deen yathu imalemekeza kumanja, ndipo izi sitingazibise pofuna kusangalatsa munthu. Mu Sahih al-Bukhari ndi Sahih Muslim muli nkhani ya Umar bin Abi Salama (Radhiya Allahu anhu), yemwe anakulira m'nyumba ya Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alayhi wasallam). Ali mwana, dzanja lake linkangoyendayenda m'mbale yonse pa nthawi yakudya. Mtumiki anamulangiza zinthu zitatu: atchule dzina la Allah, adye ndi dzanja lamanja, ndipo adye mbali yomwe ili pafupi naye. Mwanayo atakula ananena yekha kuti kuchokera tsiku limenelo kadyedwe kake kanakhala komweko. Taonani, panalibe chikwapu, panalibe chingwe. Mawu okha basi, ndipo anakhazikika moyo wake wonse.

Palinso Hadith ya Ibn Umar mu Sahih Muslim yotilamula kudya ndi kumwa ndi dzanja lamanja, ndi chifukwa chake chomwe: Shetani amadya ndi kumwa ndi manzere. Apa ndi pomwe anganga atenga mawu awo. Mayi Aisha (Radhiya Allahu anha) anafotokoza kuti Mtumiki (SAW) ankakonda kuyambira kumanja povala nsapato, popesa tsitsi ndi podziyeretsa, ndipo mu Sunan Abi Dawud akufotokoza kuti dzanja lake lamanja linali la chakudya ndi twahara pomwe lamanzere linali la kuchimbudzi ndi zina zotero. Imam An-Nawawi, amene anamwalira m'chaka cha 1277 ndipo ambiri a ife tinawerengako buku lawo la Riyadh as-Salihin ku madrasa, anazisonkhanitsa zonsezi kukhala lamulo limodzi: zinthu zaulemu monga kuvala, kulowa mu mzikiti, kudya, kumwa ndi kupatsana moni wa m'manja timayambira kumanja, zosiyana ndi zimenezo monga kulowa m'chimbudzi, kumina ndi kuchita istinja timatsogoza kumanzere.

Tsopano tamvetsani bwino. Lamuloli likugawa ntchito pakati pa manja awiri a munthu mmodzi. Silikugawa anthu kukhala abwino ndi oipa. Dzanja lomwe timalinyoza kuti la kuchimbudzi ndi lomwe limatiyeretsa kuti tikaime pa Swala tili ndi twahara, ndipo popanda twahara Swala palibe. Pa wudhu timasamba onse awiri. Pa takbir timakweza onse awiri, pa dua chimodzimodzi. Pa sijida, manja onse awiri ali m'gulu la ziwalo zisanu ndi ziwiri zoyenera kugunda pansi. Anas bin Malik, mu Sahih Muslim momwemo, analoza chala chaching'ono cha dzanja lamanzere posonyeza pomwe Mtumiki (SAW) ankavala mphete. Likanakhala dzanja lotembereredwa, zonsezi zikanatheka bwanji?

Pali Hadith ina yomwe imatiopsa kwambiri ife amanzere, ndipo ine sindiilumpha. Salama bin al-Akwa' akusimba za munthu amene ankadya ndi manzere pamaso pa Mtumiki (SAW). Atauzidwa kuti adye ndi manja anayankha kuti sangathe, ndipo mapeto ake dzanjalo silinathenso kufika pakamwa. Nkhaniyi ndi yoona, ili mu Sahih Muslim. Koma Hadith yomweyo ikutchula chimene chinamuletsa munthuyo: kudzikweza. Sanali wolephera, anali wokana. N'chifukwa chake maulama amanena kuti yemwe ali ndi chifukwa chomveka, kaya wavulala, kaya wafa ziwalo mbali imodzi, kaya alibe dzanjalo, palibe mlandu pa iye akadya ndi manzere. Pa chigamulo cha kudya ndi manja, maulama ambiri amati ndi Sunnah yolimbikitsidwa ndipo kudya ndi manzere popanda chifukwa ndi makruh, pomwe ena amafika ponena kuti kudya ndi manja ndi wajib.

Maganizo anga pamenepa ndi achidule. Wamanzere aphunzire kudya ndi kumwa ndi manja, apereke ndi kulandira ndi manja, moni apereke ndi manja. Zimatheka, ine ndine mboni. Kutema mbamu ya nsima, kuiumba, kususa ndiwo n'kuika pakamwa si ntchito yofuna luso la zala ngati kulemba. Mwana amazolowera m'masabata ochepa akamakumbutsidwa mwachikondi. Ine lero ndikati ndiyese kudya ndi manzere zimandivuta n'kundivuta.

Koma kulemba ndi nkhani ina. Palibe Ayah kapena Hadith yoona yomwe ikunena kuti kulemba ndi manzere ndi haramu. Wina atha kutchula Surat Al-Ankabut ndime 48 pomwe patchulidwa dzanja lamanja pankhani ya kulemba, koma ndimeyo ikufotokoza kuti Mtumiki (SAW) sankawerenga kapena kulemba buku lililonse Qur'an isanabwere, pofuna kutseka pakamwa okayikira. Sikupereka lamulo la kagwiridwe ka peni. Alipo maulama omwe amati yemwe angathe kulemba ndi manja achite bwino kutero, ndipo sitikuwatsutsa. Koma pakati pa "achite bwino" ndi kumanga mwana ndi chitenje pali mtunda wautali. Chimodzimodzi kugwira khasu, kusoka, kuponya mwala, kudula ndi mpeni. Ngakhale kuzinga nkhuku kapena mbuzi ya Qurbani: wamanzere akatchula dzina la Allah n'kudula pakhosi moyenera, nyamayo ndi halali. Ndiponso kwa iye ndi bwino azinge ndi dzanja lomwe lili ndi mphamvu kuti chiweto chisazunzike, pajatu tinalamulidwa kuzinga mwaubwino. Ine ndinalandidwapo mpeni pa Eid, mbuzi ili kale pansi, ati nyama ingakhale yakufa yokha. Ndinali ndi zaka 17 ndipo manyazi a tsiku limenelo sindinawaiwale.

Chomwe chinandikhazika mtima pansi ndi ichi. M'mabuku a mbiri ya Maswahaba, monga Tabaqat ya Ibn Sa'd, Umar bin al-Khattab (Radhiya Allahu anhu) amafotokozedwa ndi mawu achiarabu oti a'sar yasar, kutanthauza munthu wogwira ntchito ndi manzere, wotha kugwiritsanso ntchito manja onse awiri. Umar yemweyu, Khalifa wachiwiri, amene anatsogolera Asilamu kuyambira 634 mpaka 644, mmodzi mwa khumi omwe anauzidwa nkhani yabwino ya Jannah ali moyo. Ndipo Bukhari ndi Muslim onse alemba kuti Mtumiki (SAW) anamuuza Umar kuti Shetani akamuona akuyenda njira ina, iye amapatuka n'kutenga njira ina. Subhanallah! Timauza ana kuti manzere awo ndi a Shetani, chonsecho munthu yemwe Shetani ankamuthawa panjira ankagwira ntchito ndi manzere.

Nanga Ashabul Shimal, anthu a kumanzere omwe atchulidwa mu Surat Al-Waqi'ah? Apa ndiulule za umwana wanga. Ndili ndi zaka 9, titaphunzira ku madrasa kuti pa Qiyamah ena adzalandira buku lawo kumanja ndipo ena kumanzere, ndinakhala masiku osagona bwino. Ndinkaganiza kuti Mngelo akadzanditambasulira bukulo, dzanja langa lozolowerali lidzangofulumira lokha ndisanaganize, basi ndapita ku Moto. Ndinkachita kuyeserera usiku pa mkeka kulandira ndi manja. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwafunsa a Ustadh. Anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anandikhazika pafupi n'kunditsegulira Surat Al-Haqqah. Anandionetsa kuti wolandira buku kumanzere uja Surayo ikutchula milandu yake: sankakhulupirira Allah, ndipo sankalimbikitsa kudyetsa masikini. Anatsegulanso Surat Al-Balad pomwe anthu a kumanja akudziwika ndi kumasula kapolo, kudyetsa mwana wamasiye ndi wosauka pa tsiku la njala, kukhulupirira, ndi kulangizana za kupirira ndi chifundo. Anati: "Mwana wanga, waonapo peni pamenepa?" Allah awalipire zabwino a Ustadh amenewo. Ndi iwonso anazindikira kuti kope langa la Chiarabu linali loyera kuposa la anzanga. Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndiye dzanja la wamanzere limatsogola n'kusiya inki kumbuyo, pomwe la wamanja limadutsa pa zomwe walemba kumene. Kusukulu ndinali ine wodetsa kope, ku madrasa anali anzanga.

Tsopano tione zomwe ofufuza apeza, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti umanzere ndi chizolowezi choipa chomwe mwana watola, ngati kuyamwa chala. Pa anthu 10 alionse padziko lapansi, pafupifupi mmodzi ndi wamanzere, ndipo amuna amachulukirapo pang'ono kuposa akazi. Zimayamba mwana asanabadwe. Peter Hepper ndi anzake a ku Queen's University ku Belfast anayang'ana ana ali m'mimba pogwiritsa ntchito makina a sikani, n'kupeza kuti pofika masabata 15 ambiri amayamwa chala chachikulu cha kumanja ndipo ochepa cha kumanzere. Atawatsatira anawo patapita zaka zoposa khumi, omwe ankayamwa chala cha kumanja anali amanja, ndipo ambiri mwa oyamwa cha kumanzere anali amanzere. Ndiye mwana amene sanaone dzuwa, sanamve mawu a munthu wolangiza, tinganene kuti wachita mwano?

Gwero lake lili mu ubongo. Ubongo uli ndi mbali ziwiri, ndipo mbali ya kumanzere imayendetsa thupi la kumanja pomwe ya kumanja imayendetsa la kumanzere. Kwa wamanzere, luso la zala lakhazikika mbali ya kumanja ya ubongo. Za kumtundu zimatengako gawo koma si zonse: kafukufuku wa mapasa amasonyeza kuti chibadwa cha makolo chimafotokoza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo ngakhale bambo ndi mayi onse atakhala amanzere, ana awo ambiri amabadwa amanja. Choncho palibe chifukwa cholozerana zala m'banja kuti zachokera kwa ndani. Ukamanga dzanja, wamanga dzanja basi, ubongo sunaumange. Mwana akhoza kuphunzira kulemba ndi manja mokakamizidwa, inde, koma nthawi zambiri amalemba mochedwa ndi movutikira, ndipo chinthu choyamba chomwe waphunzira pa sukulu n'chakuti mmene analengedwera ndi molakwika.

Musaganize kuti ndi ife tokha. Ku Ulaya ndi ku America ana ankamenyedwa ndi kumangidwa manja m'masukulu chifukwa cha nkhani yomweyi. Ku America, mwa anthu obadwa cha m'ma 1900 pafupifupi atatu okha pa 100 ndi omwe ankalemba ndi manzere, koma mwa obadwa cha m'ma 1950 chiwerengero chinafika pa 11 kapena 12 pa 100. Sikuti amanzere anayamba kubadwa ambiri ayi, aphunzitsi ndi omwe anasiya kuwakakamiza. Mfumu George VI ya ku Britain, yomwe inalamulira kuyambira 1936 mpaka 1952, nthawi yomwe dziko lathu linali Nyasaland pansi pake, inabadwa yamanzere n'kukakamizidwa kulemba ndi manja ili mwana. Ngakhale mwana wa kunyumba yachifumu sanapulumuke. Pofika 1976 amanzere anachita kukhazikitsa tsiku lawo, 13 August, lokumbutsa anthu za mavuto awo.

Ziyankhulo nazo zimaulula zomwe zili m'mitima. M'Chilatini mawu oti sinister ankatanthauza kumanzere, lero m'Chingerezi akutanthauza chinthu choipa ndi choopsa. M'Chiarabu yamin, kumanja, ndi pachibale ndi yumn, madalitso, pomwe wamanzere amatchedwa a'sar, mawu ochokera pa tsinde limodzi ndi usr, kuvuta. Komabe Arabu omwewo ali ndi dzina lina la kumanzere, yasar, lochokera pa tsinde la yusr, kufewa. Kwathu kuno anganga polankhula Chiyao amati mkono wa mlyo, dzanja lodyera, ndipo m'Chichewa timati dzanja lamanja, ngati kuti ndilo dzanja lenileni ndipo linalo ndi longoperekeza. Zimenezi ndi chikhalidwe, ndipo m'chikhalidwe chathu muli zabwino zomwe ine sindingasiye. Kulandira chinthu kwa akuluakulu ndi manja awiri, kapena ndi lamanja lamanzere litagwira pamkono, ndi ulemu wokongola womwe ukugwirizana ndi Sunnah. Vuto limabwera pomwe tatenga mantha a makolo n'kuwaveka mkanjo wa deen.

Chitsanzo ndi ichi. Tsiku lina m'mawa ndinapereka ndalama kwa mayi wina wogulitsa mandasi, manja nditanyamula mabuku, ndiye ndinapereka ndi manzere. Ndinalakwitsa, ndikuvomera. Koma mayiwo sanadandaule za ulemu. Anati ndawatsekera malonda a tsiku lonse, ndawapatsa tsoka. Abale anga, kukhulupirira kuti dzanja la munthu, kapena mbalame, kapena tsiku linalake limabweretsa tsoka ndi chimene m'Chiarabu chimatchedwa tiyara, kuombeza malodza, ndipo mu Sunan Abi Dawud ndi Tirmidhi muli Hadith yomwe ikuchiika m'gulu la shirk. Riziki amapereka ndi Allah. Ndiye taonani mmene zatembenukira: pothawa chinthu chomwe si tchimo n'komwe, tikhoza kugwera m'chinthu choopsa zedi pa Aqida yathu.

Chinanso ndi kunyoza. Surat Al-Hujurat ndime 11 ikuletsa poyera kusekana ndi kuitanana maina achipongwe, ndipo Surat Ar-Rum ndime 22 ikuika kusiyana kwa ziyankhulo ndi makungu athu m'gulu la zizindikiro za Allah. Ife anyamata tili ndi kachinyengo kena pamenepa. Loweruka timadzaza m'nyumba zoonetsera mpira kukuwa Mohamed Salah akamenya ndi mwendo wamanzere mpira n'kukalowa pakona, tonse Masha Allah, Masha Allah. Lolemba ku madrasa tikumuseka mwana wogwira choko ndi manzere. Eti mwendo ndi mphatso koma dzanja ndi tsoka?

Mavuto ena si a chipongwe, ndi ongoiwalidwa chabe. M'zipinda zina zophunzirira kuyunivesite muli mipando ija yokhala ndi kathabwa kolembera mbali ya kumanja kokha. Mayeso a maola atatu ndimalemba nditapotoka thupi lonse, msana n'kuwawa, ndipo kamodzi woyang'anira mayeso anandiima pambali nthawi yaitali poganiza kuti ndikuonera za mnzanga. Sizasi wamba m'dzanja lamanzere imangotafuna nsalu m'malo modula. Izi timapirira, sizikupha. Koma ambiri a ife pa holide timathandiza kuphunzitsa ana ku madrasa, ndiye pali zing'onozing'ono zomwe tingachite popanda kuwononga ngakhale kwacha imodzi. Mwana wamanzere akhale kumapeto a benchi mbali ya kumanzere kuti zigongono zisamagundane ndi mnzake. Kope lake alipendeketse, kumutu kwake kuloze chakumanja, ndipo peni aigwire motalikirako pang'ono ndi kunsonga kuti aziona zomwe akulemba. Pa nthawi ya chakudya mukumbutseni Bismillah ndi dzanja lamanja, mofatsa, monga anakumbutsidwira Umar bin Abi Salama. Ndipo anzake akayamba kumuseka, auzeni nkhani ya Umar winayo.

Ndi zomwe ndinayesa ine kwa anganga. Sindinawatsutse pamaso pa ana, munthu wamkulu satero naye. Ndinadikira titaswali Maghrib, ndinakhala pansi pafupi ndi mkeka wawo n'kuyamba ndi kuwathokoza kuti ndi iwo anandiphunzitsa kudya ndi manja, zomwe ndi zoona. Kenako ndinawafotokozera za Umar.

"Umar wake uti? Wa Khattab yemweyu?"

"Yemweyo, anganga."

Anakhala chete nthawi yaitali akuwerenga tasbih yawo. Kenako anati ana a masiku ano mukapita kusukulu zazikuluzi mumabwera ndi zambiri, nkhani imeneyi akaifunsa okha kwa a Shehe Lachisanu ikatha Jumu'ah. Ndinati chabwino, akafunse ndithu, ndipo akafunsenso ngati kulemba ndi manzere kuli haramu.

Lachisanu anapitadi. Zomwe anakambirana kumeneko sanandiuze, ndipo ine sindinafunse. Loweruka m'mawa kamtsikana kaja kanali pakhonde pomwe paja, kansalu kaja kali pa chingwe choyanikira zovala. Kanalemba alif, baa, taa pa dothi ndi manzere, mizere yowongoka bwino, kenako a, e, i, o, u pansi pake. Anganga anadutsa ndi lichero la mpunga, anaima, anayang'ana pansipo kanthawi.

"Koma pa nsima ndisakuone," anatero, n'kupitirira kumka kukhitchini.